Magetsi ndi Kashiamu M'maselo Otulutsa Mahomoni

Munthu akadya, shuga amayamba kukwera m'magazi ake, ndipo pakangopita mphindi zochepa insulini, homoni yotsitsa shuga m'magazi, nayonso imakhala itachuluka kale. Insulini imeneyi sipangidwa pa nthawi yomweyo ayi. Imakhala itakonzedwa kalekale n'kusungidwa m'timatumba ting'onoting'ono m'kati mwa maselo ena a kapamba (pancreas) otchedwa maselo a beta, ndipo selo limodzi limatha kusunga timatumba totere pafupifupi 10,000. Choncho funso lalikulu ndi lakuti n'chiyani chimauza selo kuti nthawi yotulutsa yakwana, kuti litulutse yochuluka bwanji, ndiponso kuti lilekeze pati. Kuphonya kulikonse pamenepa n'koopsa, chifukwa insulini ikachepa munthu amadwala matenda a shuga, ndipo ikapitirira muyezo shuga amatsika mpaka munthu kukomoka, popeza ubongo sungagwire ntchito nthawi yaitali popanda shuga.

Selo lililonse lotulutsa mahomoni lili ndi vuto lomweli, kaya ndi la m'kachiwalo ka pituitary komwe kali pansi pa ubongo, kaya la m'tiziwalo ta adrenal tomwe tili pamwamba pa impso. Zimene asayansi apeza kuyambira m'zaka za m'ma 1960 zikusonyeza kuti nkhaniyi yagona pa zinthu ziwiri zoyendera limodzi, zomwe ndi magetsi a pa nembanemba yokuta selo, ndi kashiamu amene amachuluka m'kati mwa selo magetsiwo akasintha. Komabe kungonena kuti kashiamu akalowa homoni imatuluka n'kudula nkhani pakati. Uthenga weniweni uli m'nthawi imene kashiamuyo akufika, m'malo amene akufikira ndi m'mene akubwerezera kufika kwake, ndipo n'chifukwa chake chinthu chimodzi chomwechi chimatha kulamulira mahomoni osiyana kotheratu.

Anthu ambiri amadziwa kashiamu ngati chinthu cholimbitsa mafupa ndi mano, ndipo n'zoonadi kuti pafupifupi 99 peresenti ya kashiamu wa m'thupi ali mmenemo. Kufunika kwa kagawo kotsalako kunadziwika mwangozi. M'chaka cha 1883, Sydney Ringer wa ku London ankafufuza mitima ya achule yochotsedwa m'thupi, imene inkapitiriza kugunda kwa nthawi yaitali ikaikidwa m'madzi amchere. Atakonza madziwo pogwiritsa ntchito madzi oyeretsedwa kotheratu, mitimayo inaleka kugunda msanga, ndipo anazindikira kuti poyamba womuthandiza ankatunga madzi a pampopi, omwe anali ndi kashiamu pang'ono. Panapita zaka pafupifupi 80 kuti mfundo imeneyi ifike pa mahomoni. Mu 1961, William Douglas ndi Ronald Rubin, omwe ankagwira ntchito ku New York, anapopera madzi amchere m'kachiwalo ka adrenal ka mphaka n'kuthiramo acetylcholine, mankhwala amene minyewa imagwiritsa ntchito polamula kachiwaloko kuti katulutse homoni ya adrenaline. Madziwo akakhala ndi kashiamu, adrenaline ankatuluka. Akamuchotsamo, lamulo la acetylcholine silinkaphula kanthu. Patapita zaka zochepa ena anasonyeza kuti ndi mmenenso zilili ndi insulini.

Chimene chimachititsa kashiamu kukhala woyenera ntchito imeneyi ndi kuchepa kwake m'kati mwa selo. M'madzi ozungulira maselo muli kashiamu wosungunuka pafupifupi 1.2 mmol pa lita, pamene m'kati mwa selo lomwe likupuma muli pafupifupi 0.0001 mmol pa lita, kutanthauza kuti kunja ndi wochuluka kuwirikiza ka 10,000 kapena kuposa pamenepo. Kusiyana kumeneku sikungochitika kokha. Selo limawononga mphamvu usana ndi usiku poyendetsa timapampu totulutsa kashiamu kunja ndi tina tomukankhira m'malo osungira a m'kati mwake, ndipo lili ndi chifukwa chomveka chochitira zimenezi, pakuti kashiamu akachuluka amagwirana ndi phosphate, yemwe ali paliponse m'selo, ndiponso amadzutsa mapuloteni amene angathe kupha selolo. Pamalo a phokoso munthu amayenera kukuwa kuti amveke, koma pamalo oti zii ngakhale kunong'ona kumamveka. Popeza m'kati mwa selo kashiamu ndi wochepa chonchi, kulowa kwa wochepa chabe kumasintha zinthu moonekeratu.

Nanga magetsi akubwera bwanji? Mchere uliwonse ukasungunuka m'madzi umagawika kukhala tizidutswa tokhala ndi mphamvu ya magetsi, tina ta positive ndi tina ta negative, ndipo sodiyamu, potaziyamu ndi kashiamu onse ndi a positive. Pa nembanemba ya selo pali pampu imene Jens Skou wa ku Denmark anaitulukira mu 1957, yomwe imatulutsa tizidutswa titatu ta sodiyamu n'kulowetsa tiwiri ta potaziyamu nthawi iliyonse ikazungulira. Potaziyamu amaunjikana m'kati, ndipo ngati pali timipata tomulola kudutsa amatuluka pang'onopang'ono, n'kusiya m'kati mwa selo muli negative poyerekeza ndi kunja. M'selo la beta lomwe likupuma kusiyanaku kumakhala pafupifupi mamilivoti 70 ku mbali ya negative, amene amalembedwa kuti -70. Mfundo yofunika kuisunga ndi iyi: timipata ta potaziyamu tikakhala totsegula, selo limakhala phee, koma tikatsekeka, magetsi a m'kati amakwera kulowera ku ziro. Ndipo pa nembanemba yomweyo pali timipata tina ta kashiamu timene timakhala totseka pa -70 koma timatseguka magetsi akakwera kufika cha m'ma -50 kapena -40. Apa m'pamene magetsi ndi kashiamu zimakumana.

Kwa nthawi yaitali anthu ankaganiza kuti kuthwanima kwa magetsi, komwe ndi kukwera ndi kutsika kwake mwadzidzidzi, kumachitika m'maselo a minyewa ndi a minofu okha. Mu 1968, ku Cambridge, Philip Dean ndi E. K. Matthews analasa maselo a kapamba wa mbewa ndi kagalasi kosongoka kwambiri koyezera magetsi. Shuga ali wochepa, mzere wa pa makina awo unkangoyenda mowongoka. Atawonjezera shuga, mzerewo unayamba kudumphadumpha ngati wa selo la muubongo. Anaona ndi maso kuti shuga amadzutsa magetsi, koma njira yake inali isanadziwike, ndipo inadikira chida china. Erwin Neher ndi Bert Sakmann a ku Göttingen anakonza njira yomamatiza kukamwa kwa kagalasi pa kachigawo kakang'ono ka nembanemba, moti munthu n'kumaona kampata kamodzi kakutseguka ndi kutsekeka. Anafalitsa zotsatira zawo zoyamba mu 1976 ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1991. Pogwiritsa ntchito njira imeneyi, Frances Ashcroft ndi anzake ku Oxford anasonyeza mu 1984 kuti shuga amatseka timipata tina ta potaziyamu m'maselo a beta, ndipo chaka chomwecho Daniel Cook ndi Nicholas Hales anasonyeza kuti m'maselo omwewa muli timipata ta potaziyamu totsekedwa ndi ATP, kamolekyu konyamula mphamvu m'selo. Timipata tamtunduwu, tomwe tsopano timatchedwa KATP, tinali titaonedwa kale m'maselo a mtima ndi Akinori Noma wa ku Japan mu 1983.

Zimenezi zitadziwika, ndondomeko yonse inaoneka bwino. Shuga amalowa m'selo la beta, ndipo puloteni yotchedwa glucokinase imayamba kumuphwanya pa liwiro logwirizana ndi kuchuluka kwake m'magazi. Kuphwanyidwa kwa shuga kumachulukitsa ATP, yomwe ndi mphamvu imene selo limagwiritsa ntchito, n'kuchepetsa ADP, yomwe imatsala ATP ikagwiritsidwa ntchito. ATP imatseka timipata ta KATP, potaziyamu amaleka kutuluka, magetsi amakwera, timipata ta kashiamu timatseguka, kashiamu amalowa, ndipo timatumba ta insulini timalumikizana ndi nembanemba n'kukhuthula zam'kati mwake. Chochititsa chidwi n'chakuti selo la beta lilibe puloteni yapadera kunja kwake yoti izizindikira shuga. Limadziwa kuchuluka kwa shuga pomudya, ndipo kampata ka KATP ndi kamene kamasandutsa kukhuta kwa selo kukhala uthenga wa magetsi.

Tsopano tifike pa mbali imene, m'kuona kwanga, ndi yofunika kwambiri koma nthawi zambiri imadumphidwa. Selo la beta likadzuka silikhala lodzuka mpaka kalekale. M'kapamba wa mbewa, shuga akakhala pafupifupi 10 mmol pa lita, magetsi amakwera kuchoka cha m'ma -65 kufika cha m'ma -40, n'kukhala pamenepo kwa kanthawi uku akuthwanima mobwerezabwereza, kenako amagwa n'kukhala chete, kenako n'kukweranso. Kashiamu wa m'kati amatsatira ndendende, kukwera pa nthawi yothwanima ndi kutsika pa nthawi yachete. Shuga akawonjezeka, kuthwanima kulikonse sikukula kwenikweni. Chimene chimasintha n'chakuti nthawi yothwanima imatalika ndipo yachete imafupika, mpaka shuga akachulukitsitsa nthawi yacheteyo imatheratu. Ndiye kuti selo limafotokoza kuchuluka kwa shuga pogwiritsa ntchito nthawi, ndipo insulini yotuluka imadalira gawo la nthawi limene selo lakhala likuthwanima.

N'chiyani chimathetsa nthawi yothwanima, shuga akadalipo wambiri? Mbali yaikulu ya yankho ndi kashiamu mwiniwake. Akachuluka amatsegula timipata tina ta potaziyamu tomwe timamvera iyeyo, ndipo timapampu tomuchotsa timadya ATP yambiri moti timipata tina ta KATP timatsegukanso. Potaziyamu amayamba kutulukanso, magetsi amagwa, timipata ta kashiamu timatsekeka, timapampu timamaliza ntchito yake, ATP imabwerera, ndipo zonse zimayambiranso. Teresa Chay ndi Joel Keizer anali m'gulu la oyamba kulemba kuzungulira kumeneku m'masamu mu 1983, ndipo kuchokera nthawi imeneyo akatswiri a masamu ndi a za maselo akhala akugwirira ntchito limodzi pa nkhaniyi kuposa mmene zimakhalira m'nthambi zambiri za sayansi ya thupi. Pali kuzungulira kwachangu kwa masekondi makumi angapo ndi kwina kochedwa kwa mphindi zitatu mpaka zisanu, ndipo akatswiri ena amati kochedwaku kumachokera m'kaphwanyidwe ka shuga komwe nakonso kamakwera ndi kutsika, pamene ena amati kashiamu ndi amene amatsogolera. Maselo a anthu amasiyanako ndi a mbewa, chifukwa timipata ta sodiyamu ndi mitundu ina ya timipata ta kashiamu timathandiza kwambiri pa kuthwanima kwawo, koma maziko ake ndi omwewo.

Selo limodzi likamachita zimenezi palokha, thupi silingapindule kwenikweni. Maselo a beta amakhala m'timagulu timene Paul Langerhans anationa koyamba mu 1869, ndipo kapamba wa munthu ali ndi timagulu totere pafupifupi miliyoni imodzi. M'kagulu kalikonse maselo amalumikizana kudzera m'timipata ta puloteni yotchedwa connexin 36, tomwe timalola magetsi kuoloka kuchoka m'selo lina kupita m'linzake. Zotsatira zake n'zakuti kagulu konse kamadzuka pamodzi n'kugona pamodzi. Kulumikizanaku kumatetezanso thupi, chifukwa selo limene lili ndi phuma, lofuna kuthwanima shuga akadali wochepa, limatontholetsedwa ndi anzake amene timipata tawo ta KATP tikadali totsegula. Mbewa zimene zinachotsedwa jini ya connexin 36 zimasonyeza zimenezi bwino, popeza maselo awo amathwanima aliyense pa nthawi yake ndipo insulini imadontha ngakhale pamene sikufunika. Mwa munthu wathanzi, insulini imafika ku chiwindi m'mafunde obwera pafupifupi mphindi zisanu zilizonse, ndipo chiwindi chimamvera bwino mafunde otere kusiyana ndi insulini yobwera mosalekeza. Kusokonekera kwa mafundewa kumaoneka msanga mwa anthu amene akuyamba matenda a shuga a mtundu wachiwiri, ngakhalenso mwa abale awo ena amene sanayambe kudwala.

Kupatula nthawi, malo nawonso ndi ofunika. Kashiamu sayenda mtunda wautali m'selo chifukwa mapuloteni ambiri amamugwira akangolowa. Pakamwa penipeni pa kampata kotseguka amatha kuchuluka kuwirikiza ka 100 kapena kuposa poyerekeza ndi selo lopuma, koma kungotalikirako pang'ono amakhala atachepa kale. Choncho timatumba timene tili pafupi ndi timipata ta kashiamu ndi timene timayamba kutuluka. Timatumbati timakhala titakokedwa kale kufupi ndi nembanemba ndi mapuloteni otchedwa SNARE, amene amapotana ngati akufuna kulumikiza nembanemba ziwirizo koma amaimitsidwa atatsala pang'ono kumaliza. Puloteni ina ya pa kathumba, synaptotagmin, ndi imene imagwira kashiamu n'kulola kulumikizanako kutha. James Rothman, Randy Schekman ndi Thomas Südhof analandira mphoto ya Nobel mu 2013 chifukwa cha ntchito yawo pa kayendedwe ka timatumba totere. Zimenezi zimathekanso kuziyeza kathumba kamodzikamodzi, pakuti kathumba kakalumikizana ndi nembanemba, nembanembayo imakula pang'ono ndipo mphamvu yake yosunga magetsi imadumpha, monga Neher ndi Alain Marty anasonyezera mu 1982 m'maselo a adrenal. Kukhalapo kwa timatumba tochepa tokonzekeratu ndi chimodzi mwa zifukwa zimene insulini imatulukira m'zigawo ziwiri shuga akakwera mwadzidzidzi, choyamba champhamvu cha mphindi pafupifupi 10 ndi chachiwiri chapang'onopang'ono chimene chimatha maola. Chigawo choyambacho ndi chimene chimayamba kusowa m'matenda a shuga a mtundu wachiwiri.

Kashiamu ndi amene amayambitsa, koma si iye yekha amene amalamula kuchuluka kwa insulini yotuluka. Mu 1992, gulu la Jean-Claude Henquin ku Belgium linachita kafukufuku wanzeru kwambiri. Anagwiritsa ntchito mankhwala a diazoxide kuti timipata ta KATP tikhale totsegula zivute zitani, kenako anawonjezera potaziyamu kunja kwa maselo kuti magetsi akwere ndipo kashiamu akhale pa mlingo umodzi wosasintha. Ngakhale zinali choncho, kuwonjezera shuga kunachulukitsabe insulini yotuluka. Ndiye kuti shuga ali ndi njira yachiwiri, imene imakonzekeretsa timatumba tambiri kuti timvere kashiamu yemweyo. Homoni ya GLP-1, imene matumbo amatulutsa munthu akadya, imagwiranso ntchito kwambiri mwa njira yokulitsa chonchi kudzera m'kamolekyu konyamula uthenga m'selo kotchedwa cAMP. Apa m'pamene pagona kusiyana kumene madokotala amakuona tsiku ndi tsiku. Mankhwala otsanzira GLP-1, monga semaglutide, akagwiritsidwa ntchito paokha sakonda kutsitsa shuga mopitirira muyezo, chifukwa amakulitsa uthenga umene shuga wayambitsa kale, ndipo shuga akatsika uthengawo umazima. Mankhwala a gulu la sulfonylurea, monga glibenclamide ndi gliclazide, amatseka kampata ka KATP mwachindunji mosayang'ana kuti m'magazi muli shuga wochuluka bwanji, n'chifukwa chake wodwala amene wamwa mankhwalawa koma osadya akhoza kukomoka.

Mankhwala a sulfonylurea anayamba kugwiritsidwa ntchito kalekale anthu asanadziwe kuti amagwira pati. Mu 1942, Marcel Janbon wa ku Montpellier ankayesa mankhwala atsopano pa odwala taifodi ndipo anaona kuti shuga wawo ankatsika moopsa, kenako Auguste Loubatières anasonyeza kuti mankhwalawo amagwira ntchito kudzera m'kapamba. Mapuloteni awiri opanga kampata ka KATP, omwe ndi Kir6.2 ndi SUR1, anadziwika mu 1995. Phindu lalikulu la kudziwa zimenezi linaoneka mu 2004, pamene gulu la Andrew Hattersley ku Exeter, mogwirizana ndi la Ashcroft, linapeza kuti ana ambiri amene amayamba matenda a shuga asanakwanitse miyezi 6 amakhala ndi vuto m'jini ya Kir6.2, lomwe limachititsa kampatako kusamvera ATP. Maselo awo a beta alipo ndipo insulini ilimo, koma magetsi sakwera. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2006 anasonyeza kuti pafupifupi 90 peresenti ya odwala oterewa anatha kusiya jakisoni wa insulini n'kuyamba kumwa mapiritsi a sulfonylurea, ndipo shuga wawo anayamba kuyenda bwino kuposa kale. Vuto lotembenuza liliponso: kampatako kakakhala kosagwira ntchito, magetsi amakhala okwera nthawi zonse ndipo khanda limatulutsa insulini mosalekeza, zomwe zingawononge ubongo ngati sizidziwika msanga. Ngakhale munthu amene wamwa mankhwala otseka timipata ta kashiamu, monga verapamil, mopitirira muyezo kwambiri amapezeka ndi shuga wokwera, chifukwa maselo ake a beta amalephera kulowetsa kashiamu.

Kashiamu wochokera m'kati

Si maselo onse amene amadalira kashiamu wochokera kunja. M'kati mwa selo muli malo osungira otchedwa endoplasmic reticulum, amene timapampu ta SERCA timawadzaza ndi kashiamu. Mu 1983, Michael Berridge wa ku Cambridge pamodzi ndi Hanspeter Streb, Robin Irvine ndi Irene Schulz anasonyeza kuti kamolekyu kotchedwa IP3, kamene kamapangidwa pa nembanemba mahomoni ena akafika, kamatsegula malo osungirawa. Patapita zaka ziwiri, gulu la Roger Tsien linatulutsa fura-2, utoto umene kuwala kwake kumasintha ukagwira kashiamu, ndipo kuyambira pamenepo zinakhala zotheka kuonerera kashiamu akukwera ndi kutsika m'selo limodzi lamoyo.

Chitsanzo chabwino cha njira imeneyi ndi maselo a mu pituitary amene amatulutsa LH ndi FSH, mahomoni olamulira kubereka. Homoni ya GnRH yochokera muubongo ikafika, IP3 amapangidwa ndipo kashiamu amatuluka m'malo osungira. Kampata komvera IP3 kali ndi khalidwe lachilendo, chifukwa kashiamu wochepa amakalimbikitsa kutseguka koma wochuluka amakatseka, ndipo zimenezi zokha n'zokwanira kuchititsa kuti kashiamu azikwera ndi kutsika masekondi angapo aliwonse. Kashiamu akakwera amatsegula timipata ta potaziyamu totchedwa SK, ndipo magetsi amagwa. Akatsika, magetsi amakwera, selo limathwanima, ndipo kashiamu wochepa wolowa kuchokera kunja amathandiza kudzazanso malo osungira. Taonani kutembenuka kwake: m'selo la beta homoni imatuluka pa nthawi yothwanima, koma m'selo ili imatuluka makamaka pa nthawi imene magetsi agwa. Munthu amene angayeze magetsi okha popanda kuyeza kashiamu akhoza kumva nkhaniyi chagada.

GnRH nayo imayenera kubwera m'mafunde. Ernst Knobil ndi anzake ku Pittsburgh anasonyeza mu 1978 kuti anyani a rhesus akapatsidwa GnRH kamodzi pa ola lililonse, LH ndi FSH zimatuluka bwino, koma akapatsidwa mosalekeza, pituitary imasiya kumvera. Madokotala amagwiritsa ntchito mfundo imeneyi mwadala pochiza khansa ya prostate, pamene amapereka mankhwala otsanzira GnRH monga goserelin, amene amakhala m'thupi mosalekeza, n'cholinga chakuti homoni yachimuna ya testosterone itsike. Maselo otulutsa oxytocin, homoni yotsitsa mkaka, nawonso amasonyeza mphamvu ya kuchitira zinthu pamodzi. Jonathan Wakerley ndi Dennis Lincoln anapeza mu 1973 kuti khoswe akamayamwitsa, maselo amenewa amathwanima mwamphamvu onse nthawi imodzi kwa masekondi ochepa, mkaka n'kutsika patangopita masekondi angapo, kenako amadikira mphindi zingapo asanabwereze, ngakhale kuti ana amakhala akuyamwa nthawi yonseyo.

Maselo ena a mu pituitary amathwanima okha popanda wowatuma, ndipo ntchito ya ubongo ndi kuwaletsa. Maselo otulutsa prolactin, homoni yopangitsa mkaka, ali choncho. Dopamine wochokera muubongo amatsegula timipata tawo ta potaziyamu n'kufooketsa ta kashiamu, ndipo prolactin amachepa. N'chifukwa chake mankhwala otchinga dopamine, monga ena a matenda a maganizo ndi metoclopramide, amatha kuchititsa mkaka kutuluka mwa munthu amene sakuyamwitsa, pamene cabergoline, yemwe amatsanzira dopamine, amachiza zotupa zotulutsa prolactin. Homoni ya somatostatin imachita zofananazo pa maselo otulutsa homoni yokulitsa thupi ndiponso pa maselo a kapamba.

Pamene palibe timatumba, ndi pamene zonse zatembenuka

Aldosterone, homoni imene imauza impso kuti zisunge sodiyamu ndi kutaya potaziyamu, singasungidwe m'timatumba chifukwa imadutsa nembanemba ikangopangidwa. Komabe magetsi ndi kashiamu ndi zimene zimailamulira. Maselo a kunja kwenikweni kwa kachiwalo ka adrenal ali ndi timipata tambiri ta potaziyamu totsegula, moti magetsi awo amatsatira kuchuluka kwa potaziyamu wa m'magazi, ndipo akangokwera pang'ono magetsi nawo amakwera. Homoni ya angiotensin II imafika pa zotsatira zomwezo potseka timipatato ndi kudzutsa IP3. Kashiamu wolowayo amafulumizitsa kapangidwe ka homoniyo ndi kudzutsa jini ya puloteni imene imamaliza kuipanga. Mu 2011, gulu la Richard Lifton ku Yale linafufuza zotupa 22 za adrenal zotulutsa aldosterone ndipo linapeza kuti 8 mwa izo zinali ndi vuto m'jini ya KCNJ5, yomwe imapanga kampata ka potaziyamu. Vutolo limachititsa kampatako kulephera kusankha, n'kumalowetsa sodiyamu, moti magetsi amakhala okwera nthawi zonse. Wodwala amakhala ndi vuto la kuthamanga kwa magazi losamva mankhwala, nthawi zambiri limodzi ndi potaziyamu wochepa, ndipo opaleshoni yochotsa kachiwalo kodwalako imachepetsa vutolo kwambiri, mwa ena mpaka kulithetseratu.

Palinso maselo amene amakana lamulo limene takhala tikulitsatira. Tiziwalo ta parathyroid, tomwe nthawi zambiri timakhala tinayi kuseri kwa chithokomiro, timatulutsa homoni ya PTH imene imakweza kashiamu wa m'magazi. Kwa maselo amenewa kashiamu ndi chinthu chimene akuyeza, choncho zikanakhala zoopsa kuti kuchuluka kwake kuzichulukitsa PTH. Edward Brown ndi Steven Hebert a ku Boston anapeza mu 1993 puloteni ya pa nembanemba yotchedwa CaSR, imene imazindikira kashiamu wa kunja. Kashiamu akakwera m'magazi, CaSR imadzutsa IP3 ndi kuchepetsa cAMP, kashiamu wa m'kati amakwera monga m'maselo ena onse, koma PTH imachepa m'malo mochuluka. Maselo a impso otulutsa renin, puloteni yothandiza kulamulira kuthamanga kwa magazi, nawonso amachepetsa kutulutsa kwawo kashiamu wa m'kati akakwera. Anthu amene anabadwa ndi CaSR yofooka amakhala ndi kashiamu wokwerako m'magazi moyo wawo wonse, nthawi zambiri popanda kudwala, chifukwa tiziwalo tawo timaona ngati kashiamuyo ndi wosakwanira. Mankhwala a cinacalcet amachita zosiyana ndi zimenezi, pochititsa CaSR kumva kashiamu msanga, ndipo amaperekedwa kwa odwala impso amene ali pa dialysis, omwe tiziwalo tawo ta parathyroid timatulutsa PTH yochuluka mopitirira muyezo.